Ming'alu pa makabati ndi mashelefu a melamine: chimayambitsa n'chiyani, ndipo mungaipewe bwanji?

Wowerenga wina walemba kuti ali ndi makabati a kukhitchini, wadiropu ndi shelefu ya mabuku, zonse zokutidwa ndi melamine yoyera. Chitseko cha kabati ya pansi pa sinki chayamba kung'aluka m'munsi, shelefu ya mabuku ili ndi mng'alu chapakati, ndipo pafupi ndi hinje ya wadiropu pabenthuka. Akufunsa ngati pali polishi kapena mankhwala opaka oti ming'aluyo isapitirire, komanso zimene angachite kuti katundu wotsalayo asawonongeke.

Polishi, mafuta kapena phula lopaka pamwamba sizingakuthandizeni pa vuto limeneli, ndipo ndi bwino musawonongerepo ndalama. Melamine simamwa kanthu ngati mmene thabwa lenileni limachitira, choncho chilichonse chimene mungapakepo chimangokhala pamwamba n'kumagwira fumbi. Ming'alu imene mukuionayo yayambira mkati, m'bolodi limene lili pansi pa chikutocho. Kawirikawiri melamine sing'aluka payokha ayi. Imang'aluka chifukwa bolodi lafufuma, lapindika kapena lapanikizidwa ndi sikuluwu, ndipo chikuto cholimbacho chalephera kutsatira. Malo atatu amene mwatchulawo akusonyeza zifukwa zitatu zosiyana, ndipo chilichonse chili ndi njira yake yochipewera.

Kuti zimenezi zimveke, ndi bwino kudziwa mmene bolodi lotereli limapangidwira. Chimene timachiona pamwambapo ndi pepala lopyapyala losindikizidwa mtundu kapena maonekedwe a mtengo, lomwe amalinyika mu utomoni wopangidwa ndi melamine ndi formaldehyde, kenako n'kulipanikiza pa bolodi ndi makina otentha mopitirira madigiri 150. Mankhwala a melamine enieniwo anapangidwa koyamba ndi wasayansi wa ku Germany, Justus von Liebig, mu 1834, koma anayamba kugwiritsidwa ntchito kwambiri m'mafakitale patapita zaka pafupifupi 100. Utomoni umenewu ukangouma ndi kutentha sungasungunukenso kapena kufewa, ndipo n'chifukwa chake pamwamba pake sipakalika msanga, sipalowa madontho a zakudya, komanso pamapukutika mosavuta. Koma kulimba komweko ndi kumene kumauchititsa kukhala wosatambasuka. Chikutocho sichifika ngakhale theka la milimita, ndipo chili ngati chigoba cha dzira: n'cholimba mukachikanda, koma cham'kati chikangosuntha pang'ono chimathetheka. Cham'katicho nthawi zambiri chimakhala chipboard, lomwe ndi tizidutswa ta mitengo tomatidwa ndi guluu, kapena MDF, lomwe amapanga ndi ulusi wa mtengo wosalala kwambiri. Mabolodi ogwiritsidwa ntchito pa makabati ambiri amakhala a mamilimita 16 kapena 18.

Anthu ambiri amasokoneza melamine ndi chikuto china chokhuthala chimene chimadziwika ndi dzina la kampani ya Formica, yomwe inayamba mu 1913 ku Cincinnati m'dziko la United States. Chimenecho amachipanga pachokha ndi mapepala angapo osanjikizana, chimafika pafupifupi milimita imodzi, ndipo amachita kuchimata pa bolodi pambuyo pake. Mukayang'anitsitsa m'mphepete mwa tebulo la kukhitchini n'kuona kamzere kakuda kapena kofiirira pansi pa mtundu wa pamwamba, dziwani kuti ndi chikuto chokhuthalacho. Chimapirira zambiri kuposa melamine wamba, ndipo ndicho choyenera pamalo ophikira ndi otsukirapo. Melamine wamba ndi yoyenera pa zitseko, mbali za makabati ndi mashelefu.

Tiyambe ndi chitseko cha pansi pa sinki, chifukwa madzi ndiwo amawononga katundu wotereyu kuposa china chilichonse. Popanga chipboard, tizidutswa ta mitengo timapanikizidwa kwambiri kuti bolodi likhale lopyapyala ndi lolimba. Madzi akalowa, tizidutswato timatupa, guluu amene amatigwira amamasuka, ndipo timabwerera ku ukulu wake wakale. Bolodi likauma silibwerera mmene linalili, limakhalabe lofufuma. Apa mpamene limasiyana ndi thabwa lenileni, lomwe limatupa likanyowa n'kuphwanso likauma. Yendetsani chala m'munsi mwa chitseko chanucho, ndipo mupeza kuti m'mphepete mwatukuka pang'ono kuposa pakati, lamba womatidwa m'mbali wayamba kumatuka, ndipo timing'alu tambiri tikuyenda motsatira m'mphepetemo. Mukafinya ndi zala ziwiri, pamamveka pofewa ndipo nthawi zina pamatuluka utuchi. Izi zikutanthauza kuti madzi akhala akulowa kwa nthawi yaitali, pang'onopang'ono.

Madziwo salowera pamwamba pa melamine ayi, amalowera paliponse pamene bolodi lili losakutidwa. Malo amenewa ndi ambiri kuposa mmene mungaganizire, chifukwa opanga katundu amakonda kumata lamba m'mbali zooneka zokha. M'munsi mwa mbali za kabati momwe mumakhudza pansi, kumbuyo kwa mashelefu, m'mabowo odutsa mapaipi, ndi pamene anadula kuti alowetse sinki, nthawi zambiri mumakhala mosakutidwa. Tengani tochi muunike malo onsewa, ndipo paliponse pamene mukuona utuchi wa bolodi pakani vanishi kapena penti ya mafuta kawiri, kudikira kuti yoyamba iume, kapena pakani silikoni n'kumusalaza ndi chala. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa ndipo zotsatira zake sizioneka ndi maso, koma pa zonse zimene ndinganene m'yankho lino, ndiyo imene imatalikitsa kwambiri moyo wa kabati. Onaninso paipi yokhota ya pansi pa sinki ndi polumikizira mpopi: ikani pepala louma pansi pake usiku wonse, ndipo ngati m'mawa lanyowa, konzani kudonthako musanachite china chilichonse.

Pali zizolowezi ziwiri zimene zimanyowetsa zitseko tsiku ndi tsiku popanda munthu kuzindikira. Choyamba ndi kuyanika kansalu konyowa pamwamba pa chitseko cha kabati, pomwe madzi amakhala maola ambiri pamzere weniweni umene lamba wakumana ndi bolodi. Chachiwiri ndi kukolopa ndi madzi ambiri mpaka kufika m'tsinde mwa makabati ndi mawadiropu. Katundu amene wakhala pansi mwachindunji ndi bwino kumuikira timiyendo ta pulasitiki kapena ta chitsulo kuti bolodi lisakhudze simenti kapena matailosi, ndipo ngati khoma limagwira chinyezi, musiye mpata wa masentimita angapo kumbuyo kuti mpweya uzidutsa. Mukamagula katundu watsopano wa kukhitchini kapena kubafa, funsani bolodi lopirira chinyezi, lomwe mkati mwake nthawi zambiri amalipaka mtundu wobiriwira. Pa muyezo wa ku Ulaya wa EN 312, chipboard wamba wa mipando ya pamalo ouma amalembedwa P2, pomwe wopirira chinyezi amalembedwa P3 kapena P5. Mtundu wobiriwirawo ndi chizindikiro chabe, ndipo bolodi lotere limangochedwa kufufuma. Likakhala m'madzi nalonso limawonongeka.

Lamba wa m'mbali ndi woyenera kumuganizira payekha, chifukwa ndiye amatseka khomo limene madzi akanalowera. Amapangidwa ndi pulasitiki wa PVC kapena ABS, kapena ndi pepala la melamine lomwe, ndipo amapezeka wa mamilimita 0.4, 1 ndi 2. Wopyapyala uja amabenthuka msanga pa zitseko ndi madirowa amene amagundidwa kawirikawiri, pomwe wa mamilimita 2 amakhala ndi m'mphepete mozungulira ndipo amalandira kugundako m'malo mwa chikuto. Guluu amene amamatira lamba ambiri, wotchedwa EVA, amamata atasungunuka ndi kutentha, ndiye kuti kutentha kukamufikanso amafewa. Wina wotchedwa PUR sasungunukanso akauma ndipo amapirira madzi ndi nthunzi bwino kwambiri. N'chifukwa chake ketulo yowira pansi pa kabati ya m'mwamba imawononga kwambiri: nthunzi imafewetsa guluu n'kulowetsanso madzi pamalo omwewo nthawi imodzi. Kokerani ketulo ndi zipangizo zina zotulutsa nthunzi kutsogolo, kukamwa kwake kuloze kutali ndi makabati. Amene ali ndi makina otsukira mbale asamatsegule pang'ono chitseko chake akangomaliza kutsuka, pokhapokha pansi pa tebulo la pamwamba pake pali kachitsulo kapena pepala lotchinga nthunzi. Mbali za makabati oyandikana ndi uvuni zimafunikanso tizitsulo totchinga kutentha.

Kutentha kouma nakonso kumang'alula, ngakhale kuti sikofala ngati madzi. Poto wochoka pamoto kapena ayironi yotentha ikaikidwa pa melamine, chinyezi cha m'bolodi chimasanduka nthunzi, chikuto chimatukuka ngati thuza, ndipo kenako chimasweka. Dzuwa lolowera pawindo n'kumawomba malo amodzi tsiku lililonse, kapena chotenthetsera m'nyumba chimene chili pafupi kwambiri, chimaumitsa mbali imodzi ya bolodi kuposa inzake, zomwe zimalipinditsa n'kubweretsa timing'alu tating'ono kwambiri tooneka pokhapokha kuwala kukagwera chammbali. Katundu wopangidwa ndi mitengo amakhala bwino m'chipinda chimene chinyezi cha mumpweya chili pakati pa 40 ndi 60 peresenti, ndipo choopsa kwambiri ndi kusinthasintha kwadzidzidzi. Katani pawindo ndi choikapo mapoto otentha n'zokwanira pa vuto limeneli.

Shelefu yanu ya mabuku ili ndi vuto lina, lomwe ndi kulemera. Mabuku ondandalikidwa pa mita imodzi amafika makilogalamu 20 kapena kuposerapo, ndipo chipboard ali ndi khalidwe loti akasenza katundu kwa nthawi yaitali amapitiriza kupindika pang'onopang'ono ngakhale katunduyo asawonjezeke. Shelefu ikapindika, mbali ya pamwamba imafinyika pomwe ya pansi imakokeka, choncho mng'alu woyamba umawonekera kunsi, chapakati, ukuyenda kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Ngati mwauona pamwamba, suzumirani kunsi, chifukwa n'kutheka kuti kumeneko ndi kokulirapo. Chimene anthu ambiri sachidziwa ndi mmene kutalika kwa shelefu kumakulitsira vutoli. Mukachulukitsa kawiri mtunda wa pakati pa zochirikiza, n'kudzaza mabuku mofanana, kupindika sikuchuluka kawiri koma ka 16. Kukhuthala nako kumathandiza modabwitsa: bolodi la mamilimita 25 limakana kupindika pafupifupi kanayi kuposa la mamilimita 16. Ineyo sindilola shelefu ya mamilimita 16 kapena 18 yosenza mabuku kupitirira masentimita 60 popanda chochirikiza, ndipo ya zovala kapena zinthu zopepuka ikhoza kufika masentimita 80. Ngati yanu ndi yotalika kuposa pamenepo, ikani chochirikiza pakati, kapena mangirirani kathabwa kenikeni kunsi kwake motsatira m'mphepete mwa kumbuyo kapena kutsogolo, kataima cham'mbali kuti kalimbe. Mabuku olemera aikeni kumapeto, pafupi ndi zochirikiza. Shelefu imene yangoyamba kupindika koma sinang'aluke mukhoza kuitembenuza, malinga ngati mbali zonse ndi zokutidwa mofanana.

Kubenthuka kwa pafupi ndi hinje kumachokera ku masikuluwu. Sikuluwu ikalowetsedwa popanda kuboola kaye, imakankhira tizidutswa ta bolodi m'mbali ndi m'mwamba, ndipo chikuto chimatukuka mozungulira mutu wake n'kusweka ngati nyenyezi. Kumanga mopitirira muyezo, makamaka ndi makina, kumachitanso zomwezo ndipo kumadya mano amene sikuluwuyo inadzipangira m'bolodi. Boolani kaye kabowo kocheperako pang'ono kuposa sikuluwu, kulitsani kukamwa kwake ngati mutu ukuyenera kumira, ndipo malizani kumanga ndi dzanja, kusiya pomwe sikuluwu yagwira. Polumikiza mabolodi awiri pakona, masikuluwu abwino ndi aja okhuthala otchedwa confirmat, omwe ofala kwambiri ndi a mamilimita 7 m'mimba ndi 50 m'litali, ndipo amafuna bowo la mamilimita 5 m'mphepete mwa bolodi lolandira. Bowolo likhale pakati penipeni pa kukhuthala kwa bolodi, komanso litalikire masentimita 5 kuchokera pakona, apo ayi bolodi limagawanika pakati.

Pa zitseko pali chinanso. Mahinjesi obisika amene ali pa makabati ambiri amakhala m'bowo la mamilimita 35 m'mimba, lomwe limalowa mozama mpaka kungotsala mamilimita ochepa kuti litulukire kutsogolo. Pamenepo ndiye pofooka kwambiri pa chitseko chonse. Mahinjesi ambiri amatseguka mpaka madigiri 110, ndipo chitseko chikakankhidwa kupitirira apo, kapena mwana akachilendewera, kapena chikwama cholemera chikapachikidwa pachogwirira, mphamvu yonse imathera pa timasikuluwu tiwiri ndi kabolodi kopyapyala kaja. Chitseko cha wadiropu chotalika pafupifupi mamita 2 chimafuna mahinjesi anayi, osati awiri kapena atatu. Sikuluwu ya hinje ikayamba kugwedera imangeni msanga, chifukwa kugwederako ndiko kumakulitsa bowo. Ngati bowo lakula kale, musalowetse sikuluwu yokulirapo. Likulitseni bwinobwino ndi chiboolero, lowetsani kamtengo kozungulira kopakidwa guluu wa matabwa, dikirani kaume, dulani kuti kafanane ndi pamwamba, kenako boolani kabowo katsopano. Pamene pabenthuka kwambiri pali timbale tachitsulo topangidwira ntchito imeneyi, tomwe timaphimba pamalo owonongekawo n'kugwira ndi masikuluwu pamalo abwino ozungulira.

Ming'alu yambiri ya m'makona imabwera tsiku losamutsa katundu. Wadiropu imaima mowongoka makamaka chifukwa cha kabolodi kopyapyala ka kumbuyo, kamene nthawi zambiri kamakhala ka mamilimita 3 okha, ndipo mukaikoka pansi ili yodzaza, imapendekera mbali imodzi n'kuthyola bolodi mozungulira zomangira zake. Tulutsani zonse, chotsani madirowa ndi zitseko, nyamulani anthu awiri mogwira m'munsi, ndipo katundu wamkulu mumasule ndithu. Mukafika naye, onani ngati waima molingana pansi, chifukwa kabati yotsamira pa makona atatu imapotoka mwakachetechete, ndipo chizindikiro chake ndi zitseko zimene zasiya kukumana bwino. Kachidutswa kopyapyala koika pansi pa kona yolendewerayo kamathetsa vutoli.

Ngati mudzafune kudula bolodi nokha, dziwani kuti macheka a mano akuluakulu amabenthula chikuto mbali imene manowo akutulukira, ndipo pobenthuka paliponse ndi poyambira mng'alu. Pa makina odulira, mpeni wozungulira wa masentimita 25 m'mimba ukhale ndi mano pafupifupi 80 ndipo ukhale wakuthwa. Matani tepi pamzere wodula, lembani mzerewo ndi mpeni wakuthwa kuti chikuto chiduke kaye, ndipo ngati mukugwiritsa ntchito macheka ozungulira a pamanja, mbali yooneka iyang'ane pansi. Poboola malo a sinki kapena soketi, makona a mkati asakhale akuthwa. Yambani ndi kuboola bowo lozungulira pakona iliyonse kenako lumikizani mabowowo, chifukwa mphamvu yokoka imasonkhana pakona yakuthwa ndipo mng'alu umayambira pomwepo n'kuyenda chopingasa. Fumbi la chipboard ndi MDF ndi loipa m'mapapo, choncho valani chotchinga pamphuno ndi pakamwa.

Kutsuka sikufuna zambiri. Kansalu kofewa konyowa pang'ono, dontho la sopo wotsukira mbale, kenako kansalu kouma, basi. Waya wokwechera mapoto ndi ufa wokwechera zimadya pamwamba pa utomoni, ndipo pamene padyeka pamagwira litsiro n'kufooka. Siponji zoyera zofufutira madontho zija, zomwe nazonso zimapangidwa ndi thovu la melamine, zimagwira ntchito mokwecha ngati sandipepa wosalala kwambiri, choncho zimachotsa kuwala mukazizolowera. Makina otsukira ndi nthunzi asayandikire m'mphepete mwa katunduyu, ndipo mankhwala amphamvu otsegulira mapaipi akadonthera muwapukute nthawi yomweyo.

Tsopano za zimene zawonongeka kale. Mng'alu wa melamine sungalumikizike kuti usaonekenso, koma ukhoza kutsekedwa kuti madzi ndi litsiro zisalowe. Pa kamng'alu kapena pobenthuka pamene bolodi la pansi lidakali louma ndi lolimba, gwiritsani ntchito phula lolimba lokonzera mipando la mtundu wofanana, lomwe mumasungunula n'kudonthezera pamalopo, kenako n'kupala chotsalira ndi kapulasitiki kosakanda. Pamalo okulirapo, guluu wa epoxy wosakaniza ziwiri amagwira bwino. Lamba womatuka, ngati anamatidwa ndi guluu wa EVA ndipo bolodi silinafufume, mukhoza kumubwezera pomutenthetsa ndi ayironi yofunda mutayala pepala pamwamba, kenako n'kumupanikiza ndi kathabwa mpaka atazizira. Zonsezi zichitike mutathetsa kaye chimene chinayambitsa, chifukwa phula lotseka mng'alu wa shelefu yosachirikizidwa limangosweka pakapita milungu yochepa.

Shelefu ndi chitseko cha wadiropu zikhoza kupulumuka mwa njira zimenezi. Chitseko cha pansi pa sinki, ngati chafufuma mpaka kufewa, n'chofunika kusintha, popeza palibe guluu kapena chopanira chimene chingabwezeretse chipboard wofufuma. Chimasuleni mupite nacho kwa kalipentala kuti ayezerepo ukulu, mtundu ndi malo a mabowo a mahinjesi. Muuzeni kuti chatsopanocho chikhale cha bolodi lopirira chinyezi, ndipo amate lamba wa mamilimita 1 kapena 2 mbali zonse zinayi, kuphatikizapo ya m'munsi imene sioneka. Musanachimangirire, onetsetsani kuti paipi yasiya kudontha ndipo pansi pa kabatiyo pauma.